LAMULO NDI WODWALA AMENE SADZACIRA

Nkhani ya lero ndi yolemera, ndipo akulu a kale sanali kuikamba pamaso pa ana. Ili nkhani ya munthu amene madotolo anena kuti sadzacira, ndi zimene lamulo lilola kapena kuletsa kumcitira masiku ace otsiriza. M'maiko akutali aphunzitsi a malamulo atha zaka zambiri alikufufuza funso ili: wodwala wotere akapempha dotolo kuti amthandize kufa msanga, kodi dotoloyo abvomere? Maiko ena anabvomera, ndipo mbiri yace ifika kuno pa wailesi ndi pa mafoni a m'manja. Cotero nkoyenera kuti anthu adziwe cimene lamulo la Zambia linena, cimene ofufuza anapeza kunjako, ndi cimene cisoweka kuno.

ODWALA A KU KAFUE

Mzinda wa Kafue uli pafupifupi makilomita 45 kumwera kwa Lusaka, pamene njanji ioloka mtsinje pa mlatho womangidwa m'caka ca 1906. Dziko litalandira ufulu, Boma linamanga pano fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970, ndi fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles. Anthu anadza kucokera mbali zonse kudzafuna nchito. Pambuyo pace fakitale ya nsalu inatsekedwa, ya feteleza inacepetsa anchito, ndipo ambiri anakalambira ku Kafue Estates, ku Zambia Compound ndi ku Shikoswe, kutali ndi midzi ya makolo ao. Pakati pao pali ena amene anayamba agwira nchito pansi pa nthaka ku Migodi.

Matenda amene agoneka anthu otere pamphasa kufikira imfa adziwika bwino. Pali khansa, ndipo mwa akazi a m'Zambia khansa ya khomo la cibaliro ndiyo iposa zonse. Pali silikosisi, matenda a mapapo odza ndi pfumbi la miyala, amene alibe mankhwala ociritsa ndipo atsegulira njira cifuwa cacikulu. Panalinso Edzi, imene inatha anthu ambiri mankhwala a ARV asanafike kwa anthu wamba. Cipatala ca khansa, Cancer Diseases Hospital, cinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, koma odwala ambiri afikako matenda atapita kale patali. Pamenepo dotolo auza abale kuti amtengere wodwala kunyumba, ndipo nchito yodwazika igwera mkazi wace, mlongo wace kapena mwana wamkazi. Usiku ululu ukakula, wodwalayo nthawi zina ati watopa, nkwabwino angofa. Ndi pa mau amenewa pamene lamulo ndi cifundo zikomana.

CIMENE LAMULO LA ZAMBIA LINENA

Coyamba, lamulo lalikulu la dziko, pa ndime 12, liteteza moyo wa munthu aliyense. Buku la milandu lochedwa Penal Code, limene ndi mutu 87 wa malamulo a Zambia, linena kuti munthu amene afulumiza imfa ya mnzace awerengedwa kuti wamupha, ngakhale mnzaceyo anali kudwala kale matenda oti akanafa nao. Kunena kuti wodwala anacita kupempha yekha sikucotsa mlandu, ndipo cifundo sicicotsa mlandu. Cilango ca kunyonga cinathetsedwa mu December 2022, koma wopha munthu alowabe m'ndende zaka zambiri, kapena moyo wace wonse.

Caciwiri, pali lamulo lochedwa Suicide Act, la caka ca 1967, mutu 89. Lamulo ili linatsata la ku England la 1961. Linathetsa mlandu wa munthu woyesa kudzipha, pakuti wotereyo asowa cithandizo, osati ndende. Koma linasiya mlandu waukulu pa munthu amene alangiza, anyengerera kapena athandiza mnzace kudzipha. Cotero dotolo, namwino kapena mbale amene apatsa wodwala mankhwala ndi colinga cakuti afe nao ali ndi mlandu.

Cacitatu ndico cimene anthu ambiri sacidziwa, ndico zimene lamulo lilola. Malamulo a Zambia anacokera ku malamulo a ku England, ndipo oweruza a kuno ayang'anabe maweruzo a kumeneko pofuna nzeru. Mwa malamulo amenewo, munthu wamkulu wa mutu wabwino ali ndi mphamvu ya kukana opaleshoni kapena mankhwala amene sawafuna, ngakhale kukanako kufupikitse moyo wace. Ndiponso dotolo aloledwa kuletsa ululu. Mu 1957 dotolo wina wa ku Eastbourne, John Bodkin Adams, anazengedwa mlandu ku London wa kupha mai wokalamba ndi mankhwala a ululu, ndipo anapezeka wosalakwa. Woweruza Patrick Devlin anafotokoza kuti dotolo alibe mphamvu ya kupha, koma ngati kuciritsa sikuthekanso, akhoza kucita zonse zoyenera kuletsa ululu ngakhale zitafupikitsako moyo. Caka comweco Papa Pius XII, polankhula kwa madotolo, anaphunzitsa zofanana ndi zimenezi. Kusiyana kuli pa colinga: wina afuna kucotsa ululu, wina afuna kucotsa moyo.

MAIKO AMENE ANABVOMERA

Cigawo ca Oregon ku America cinayamba kulola dotolo kulembera wodwala mankhwala a imfa mu 1997. Netherlands ndi Belgium anatsatira mu 2002, Canada mu 2016. Ku Australia cigawo ca Victoria cinapanga lamulo lace mu 2017, ndipo linayamba kugwira nchito pa 19 June 2019.

Lamulo la ku Victoria liyenera kulimvetsa, pakuti lisonyeza kulemera kwa nkhaniyi. Monga linalembedwa mu 2017, linali ndi zochinjiriza 68. Wopempha anayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwino, wodwala matenda osaciritsika amene madotolo aona kuti amupha isanathe miyezi 6, kapena miyezi 12 pa matenda ena a mitsempha. Anayenera kupempha katatu, kamodzi mocita kulemba pamaso pa mboni ziwiri. Madotolo awiri ophunzitsidwa mwapadera anayenera kumpima, aliyense payekha. Cilolezo cinacokera ku Boma, ndipo bungwe lapadera linayang'ana makalata a imfa iliyonse. Dotolo analetsedwa kuyamba yekha nkhaniyi ndi wodwala.

Ku Brisbane, pa sukulu yaikulu ya Queensland University of Technology, aphunzitsi awiri a malamulo a zaumoyo, Ben White ndi Lindy Willmott, anafufuza m'mene lamuloli liyendera m'zipatala. Iwo ndi anzao anafunsa madotolo 32 a ku Victoria amene anagwirapo nchitoyi, nasindikiza zimene anapeza mu 2021. Madotolowo anadandaula za kucuruka kwa makalata, za kucedwa kwa cilolezo pamene wodwala ali kutha, za kuletsedwa kuyamba nkhaniyi, ndi za bvuto la odwala a kumidzi amene sanathe kupimidwa pa foni. Phunziro lace ndi lakuti lamulo la pa pepala ndi lamulo la m'cipinda ca odwala sizifanana. Lamulo liyenda ndi miyendo ya anthu: madotolo, anamwino, osunga mankhwala ndi alembi.

Ku Oregon Boma lisindikiza caka ndi caka zifukwa zimene odwala apereka. Zimene zichulidwa kwambiri ndizo kutaya mphamvu ya kudzilamulira, kulephera kucita zimene munthu anali kukondwera nazo, ndi kutha kwa ulemu. Ambiri achulanso kuopa kukhala katundu kwa abale. Ululu ubwera pambuyo pa zimenezi, pakuti kumeneko mankhwala a ululu apezeka. Ndiponso mwa anthu atatu olandira mankhwala a imfa, pafupifupi mmodzi samwa konse.

Ku Canada lamulo linakulitsidwa mu 2021 kuti lifikenso kwa anthu obvutika amene imfa yao siili pafupi. Mabungwe a anthu olumala anadandaula kuti osauka ndi osowa cisamaliro angasankhe imfa cifukwa ca kusowa, ndipo mu 2025 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa olumala inapempha Canada kucotsa mbali imeneyo ya lamulo.

Kuno ku Africa nkhaniyi inakambidwa kwambiri ku South Africa. Bungwe lofufuza malamulo la kumeneko linalemba lipoti lace mu 1998, koma Nyumba ya Malamulo siinapange lamulo. Mu April 2015 loya wina wodwala khansa, Robin Stransham-Ford, anapempha bwalo lalikulu la ku Pretoria kuti dotolo amthandize kufa. Woweruza Hans Fabricius anabvomera pa 30 April, koma wodwalayo anali atamwalira kale tsiku lomwelo, maora owerengeka ciweruzo cisanaperekedwe. Mu December 2016 bwalo la apilo linafafaniza ciweruzoco. Bishopu wamkulu Desmond Tutu analemba mu 2014 ndi mu 2016 kuti wodwala wa pafupi kufa ayenera kuloledwa kusankha, pamene atsogoleri ambiri a mipingo anakana. Palibe dziko la mu Africa limene Nyumba yace ya Malamulo yapanga lamulo lotere.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsono zonsezi zitanthauzanji kwa wodwala wa ku Shikoswe? Akulu anati walira mvula walira matope. Lamulo la ku Victoria liimira pa mizati imene kuno ili yocepa: madotolo okwanira, makalata osungika bwino, ndiponso cisamaliro ca ululu copezeka kwa wodwala. Ambiri mwa amene anagwiritsa nchito lamulolo anali kulandira kale cisamaliro cotere. Iwo anali ndi njira ziwiri patsogolo pao. Koma wodwala amene alira usiku wonse ndi ululu wa khansa ya m'mafupa, napatsidwa Panadol yekha, akapempha imfa sanasankhe kanthu, pakuti njira yaciwiri sanaione.

Palinso zina za kuno zimene wopanga malamulo sangazilumphe. M'nyumba imene mwini wace anacotsedwa nchito, wodwala aona ndi maso ace ndalama za sukulu ya ana zilikuthera pa ulendo wa ku Lusaka. Mau akuti "ndatopa" angathe kutanthauza "ndakusaukitsani." Palinso nkhani ya cuma ca masiye. Mu 1989 Boma linapanga lamulo la Intestate Succession Act cifukwa ca abale olanda katundu wa akazi amasiye ndi ana. Lamuloli ligawa cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo motere: pa magawo 100 alionse, 50 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Kumene nyumba imodzi ya ku Estates ikanganitsa pfuko lonse, wodwala wofoka asowa lamulo lomteteza. Ndiponso imfa kuno siicedwa kufunsidwa mwini wace. Lamulo la Witchcraft Act, locokera m'caka ca 1914, liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, komabe milandu yotere siinathe. Mkazi wodwazika mwamuna wace, kapena namwino wobwera ndi botolo, angasanduke wonenezedwa pamaliro.

Nkosadabwitsa tsono kuti obvomereza lamulo la kuthandiza kufa ndi olikana, ngakhale atsutsana pa zambiri, agwirizana pa cinthu cimodzi, cakuti ululu uyenera kuletsedwa poyamba.

NKHANI YA MOFINI

Mankhwala oposa onse pa ululu waukulu wa khansa ndi mofini. Mu 2017 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya madotolo ya The Lancet, lotsogozedwa ndi Felicia Knaul, linawerenga kuti anthu oposa 61 miliyoni pa dziko lonse anabvutika kwakukulu ndi matenda m'caka ca 2015. Linapezanso kuti mwa matani 298.5 a mofini ndi mankhwala a mtundu wace ogawidwa pa caka, maiko osaukitsitsa analandira makilogalamu 100 okha. Theka losauka la anthu a pa dziko lapansi linalandira zosakwana gawo limodzi pa magawo 100.

Cifukwa cace si mtengo ai, pakuti ufa wa mofini wosungunula m'madzi ndi wochipa. Cifukwa cacikulu ndi malamulo ndi mantha. Pangano la maiko la 1961 la mankhwala oledzeretsa linapatsa maboma nchito ziwiri: kuletsa kuti mankhwalawa asagwe m'manja mwa ogulitsa mobisa, ndi kuona kuti odwala awapeza. Maboma ambiri anagwira nchito yoyamba, naiwala yaciwiri. M'Zambia muli lamulo la Narcotic Drugs and Psychotropic Substances Act la 2021, limene linalowa m'malo mwa la 1993. Bungwe la Drug Enforcement Commission ligwira ophwanya lamulo, ndipo bungwe la ZAMRA liyang'anira kalowedwe ndi kasungidwe ka mankhwala. Mofini asungidwa m'kabati yokhoma, ndipo muyeso uliwonse ulembedwa m'buku. Zimenezi nzoyenera. Koma kumene olemba mankhwala ali ocepa, ndipo ocepawo aopa mlandu, kabati ikhala yokhoma pamene wodwala ali kubuula.

Dziko la Uganda linasonyeza njira. Mu 1993 dotolo Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda ku Kampala, nayamba kusungunula ufa wa mofini kuti odwala azimwera kunyumba. Mu 2004 Boma la Uganda linasintha lamulo kuti anamwino ndi akilinikala ofesala ophunzitsidwa mwapadera aziloledwa kulemba mofini. Kusintha kwa mizere yowerengeka ya lamulo kunafikitsa mankhwala kumidzi kumene dotolo safika. Mu 2014 msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana kuti cisamaliro ca odwala osacira cikhale mbali ya nchito ya zaumoyo ya boma lililonse.

M'Zambia nchitoyi inayamba ndi mipingo m'zaka za Edzi. Masisitere a Cikatolika anatsegula nyumba ya odwala ya Mother of Mercy ku Chilanga, pa mseu wocokera ku Kafue kunka ku Lusaka, ndipo ku Kalingalinga kunamangidwa Our Lady's Hospice. Nyumba zotere zinadalira kwambiri mphatso za kunja, ndipo mphatso zikacepa nchito icepanso. Apa ndipo pali nchito ya ophunzira malamulo a pa University of Zambia ndi ya aphungu a ku Nyumba ya Malamulo: kufufuza, monga anacitira a ku Brisbane, m'mene lamulo la mankhwala liyendera pa kiliniki yaing'ono, ndani aloledwa kulemba, botolo lithera pati, ndipo ndi mzere uti wa lamulo umene uimitsa dzanja la namwino.

Abale ena akana mofini poganiza kuti ndi mankhwala otsirizira munthu. Maganizowa anadza cifukwa kawirikawiri mofini aperekedwa mocedwa, wodwala atatsala maora ocepa, ndipo anthu aona ngati mankhwala ndiwo amupha. Ofufuza anapeza kuti mofini woperekedwa pa muyeso woyenera, woyamba pang'ono ndi kuonjezedwa monga mwa ululu, safupikitsa moyo. Wakumwa amwedwa pa maora anai alionse, osadikira kuti ululu ubwerere. Bvuto lace lodziwika ndi kudzimbidwa, ndipo namwino apereka mankhwala ace pamodzi. Wodwala amene ululu wamleka agona tulo, adya phala, nakamba ndi ana ace.

ZIMENE ABALE ANGACITE

Banja lokhala ndi wodwala wotere liyenera kufunsa dotolo momveka ngati mankhwala amene aperekedwa ndi ociritsa kapena ndi oletsa ululu cabe. Ululu ukapitirira, abwerere ku kiliniki kapena ku cipatala ca Kafue, anene kuti mankhwala sakwanira, afunse za mankhwala amphamvu. Kupempha kotere sikuphwanya lamulo lililonse. Botolo lisungidwe patali ndi ana, lisapatsidwe kwa wodwala wina, ndipo zotsala zibwezedwe kucipatala.

Wodwala apatsidwe mpata wa kunena zofuna zace mutu ukali bwino, pamaso pa akulu a mbali zonse ziwiri za banja: ngati afuna kubwerera kucipatala kapena kukhala panyumba, ndi ndani adzamlankhulira akaleka kulankhula. Ngati ali ndi nyumba kapena munda, alembe wilo ndi kusaina pamaso pa mboni ziwiri, monga linenera lamulo la mawilo la 1989. Amene anagwira nchito m'migodi ndipo apuma mobvutika apite kukapimidwa ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, kumene mapapo a anchito a m'migodi akhala akupimidwa kuyambira nthawi ya atsamunda, pakuti silikosisi ili ndi cipukuta misozi cocokera ku Workers' Compensation Fund Control Board. Ndalama zimenezo zicepetsa mantha a wodwala akuti wasaukitsa banja.

Ndipo wodwala akanena kuti afuna kufa, asadzudzulidwe ngati mwana, ndiponso mau acewo asabisidwe. Afunsidwe mofatsa cimene cimpweteka ndi cimene aopa. Kawirikawiri pansi pa mau amenewo pali ululu, kapena ngongole, kapena mkangano wa kale wosatha, kapena matenda a cisoni amene madotolo atha kuthandiza, monga acitira ku cipatala ca Chainama ku Lusaka. Abale auze namwino, aitanenso abusa, ansembe kapena shehe ngati wodwala afuna. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mai mmodzi asasiyidwe kudwazika yekha usana ndi usiku pamene acibale ndi a mumpingo ali pafupi.

Funso la kuthandiza wodwala kufa mwina lidzafika ku Nyumba ya Malamulo ya ku Lusaka tsiku lina, ndipo anthu adzakhala ndi mau ao pa nthawiyo. Koma lamulo limene lilipo lero lilola kale kuti munthu wa ku Kafue atsirize masiku ace wopanda ululu wosapiririka, ali pakati pa abale ace. Cimene catsala ndi kufikitsa botolo la mofini pamphasa pace, ndipo nchito imeneyo ili m'manja mwa aphungu, madotolo, anamwino ndi abale amene afunsa osatopa.